Huva ikamalira osakoka, kenaka n'kuzima yokha

Mwezi wa Okutobala ukangofika, pabenchi langa pamadzaza mahuva. Ndimakonza zinthu zamagetsi kuno ku Mangochi: mafani, maayironi, maketulo ndi zina zotero. Koma nyengo yotentha ili ndi odwala akeake. Munthu amatsika pakabaza atakumbatira makina ngati mwana, payipi ikulendewera, n'kunena kuti, "Bambo, yapsa iyi. Imangolira osakoka kanthu, mukaikakamiza imazima yokha." Ndikaitsegula, nthawi zambiri ndimapeza mota ili bwinobwino. Sinapse. Yangobanika.

Mayi ena amene amayang'anira kanyumba kogona alendo cha ku Nkopola anabwera ndi huva yofiira yooneka ngati ndowa, abwana awo atawauza kale kuti awadula pamalipiro. Nkhope inali itagwa. Ndinachotsa payipi, kuyatsa makina, n'kuika chikhatho pakamwa pomwe payipi imalowa. Chikhatho chinamata moti ndinachita kuchikoka. Ndinati, "Mayi, taikani dzanja apa." Anaika, n'kudzidzimuka. Vuto lonse linali m'payipi: sokosi ya mwana itapindikana pakhosi pa chogwirira, kumbuyo kwake kutaunjikana mchenga wodzaza kapu. Inali ntchito ya mphindi 10, ndipo sindinamasule sikuluwu ngakhale imodzi.

Dzina lake lenileni

Ambirife timangoti huva. Anyamata otsuka magalimoto amati vakyumu, ndipo akakufunsani kuti "tipange ndi vakyumu yomwe, abwana?" dziwani kuti mtengo wakwera. A m'maofesi akamalemba amakonda kunena kuti makina opopera fumbi, zimene zimandiseketsa pang'ono, chifukwa kupopera n'kwa mankhwala a thonje. Makinawa sapopera, amayamwa. Agogo ena a ku Malindi anandituma kuti ndiwakonzere "tsache lamagetsi", ndipo dzina limeneli ndi lomwe linandigwira mtima kuposa onse.

Mawu oti huva anachokera ku dzina la munthu. Ku Canton, m'chigawo cha Ohio ku America, kunali bambo wina wosesa m'sitolo, James Murray Spangler, amene fumbi linkamuzunza chifukwa cha mphumu. Analumikiza kamota, bokosi ndi mpini wa tsache, nsalu ya pilo n'kukhala thumba, ndipo mu 1908 analandira chiphaso cha umwini wa luso lakelo. Ndalama zopangira makina ambiri analibe, choncho umwiniwo anaugulitsa kwa William Henry Hoover, amene ankapanga zinthu zachikopa zomangira akavalo. Makina a Hoover anafala kwambiri ku Britain mpaka anthu kumeneko anayamba kutchula makina alionse oyamwa fumbi ndi dzinalo, ife n'kutolera kwa iwo. N'chimodzimodzi ndi mmene mankhwala alionse otsukira mano timangoti Colgate, sopo aliyense waufa Surf, polishi wapansi Cobra.

Pocheza dzinali lilibe vuto. Limapweteka pogula zipangizo. Bambo ena anatuma mng'ono wawo wa ku Joni kuti awatumizire "matumba a huva". Mng'onoyo analowa m'shopu, kutchula mawu omwewo, n'kupatsidwa matumba a makina a Hoover enieni, pomwe makina a kunyumba kuno anali a kampani ina. Katundu anayenda ulendo wonsewo pabasi, kudzafika pakamwa pathumba posagwirizana ndi pamakina. Musanatume munthu, tembenuzani makinawo. Pansi pake kapena kumbuyo pamakhala kachikwangwani kosonyeza kampani, nambala ya modelo, mavoti ndi mawati. Kajambuleni n'kutumiza pa WhatsApp pamodzi ndi chithunzi cha thumba lakale, makamaka katoni yake ya pakamwa.

Ena amasokonezanso huva ndi bulowa. Mahuva ambiri a ndowa ali ndi mabowo awiri, lina loyamwa, lina lotulutsa mpweya. Wina anandiimbira foni kuti makina ake "apenga", akumwaza fumbi m'malo molitola. Mwana anali atalowetsa payipi kubowo lotulutsa.

Makinawa amapuma mpweya

Mukamvetsa ichi, zotsalazo mukhoza kuzilingalira nokha. M'kati mwa huva muli mota yozunguza fani mothamanga kwambiri, kupitirira maulendo 20,000 pa mphindi imodzi. Faniyo imakoka mpweya kuchokera pansi, kudutsa kumutu uja woyenda pansi, m'mapayipi, m'thumba, m'fyuluta, kenaka n'kutulukira kumbuyo. Fumbi limangokwera nawo mpweyawo ngati munthu wa matola. Mpweya ukasiya kuyenda, fumbi nalo limatsala pomwe lili.

M'mahuva ambiri a m'nyumba, mpweya womwewo ndi umene umaziziritsa mota. Njira ikatsekeka penapake, mota imasowa mphepo n'kuyamba kutentha. Apa pali chinthu chimene chimapusitsa anthu: huva yotsekeka imalira mokweza ndiponso mosongoka kuposa masiku onse. Mwini wake amati yachita mphamvu. Ayi, fani yasowa mpweya woti ikankhe, ndiye ikungozungulira chabe mothamanga. Yesani kutseka kukamwa kwa payipi ndi dzanja kwa kamphindi, mumva kulira kukukwera. Ngati huva yanu ikulira choncho musanatseke paliponse, yatsekeka kale.

Kupeza pomwe patsekeka sikufuna chida. Chotsani zonse, mutsale ndi makina okha. Yatsani, ikani chikhatho pakamwa. Ngati pakukoka mwamphamvu, mota, thumba ndi fyuluta zili bwino. Lumikizani payipi yofewa ija, yesaninso kumapeto kwake. Onjezerani mapayipi achitsulo, yesani. Pomaliza ikani mutu. Pamene mphamvu yathera, vuto lili pa chinthu chomwe mwangolumikizacho. Koma ngati ngakhale pakamwa pa makina penipenipo pakukoka mofooka, tsegulani chivundikiro.

Thumba ndi mafyuluta

Thumba la huva si thumba la chimanga loti lidzaze mpaka kukamwa. Ndi sefa. Mpweya umatulukira m'timabowo tosaoneka ndi maso ta pepala kapena nsalu yake, fumbi n'kutsalira m'kati. Timabowoti tikatsekeka, thumba latha ntchito ngakhale likuoneka lopanda kanthu. Fumbi losalala la miyezi ya chilimwe, ufa wotayikira kukhitchini, simenti kapena laimu wa pomwe mwangomanga, zonsezi zimamata thumba lisanafike ndi theka lomwe. Ngati mukutola zinyalala wamba, lisintheni likafika magawo awiri mwa atatu.

Ndikudziwa kuti matumba apepala ndi osowa kuno, ndipo ambiri amang'amba kumunsi, kukhuthula, n'kutseka ndi sitepula. Kamodzi zimatheka. Kachiwiri mumakhala mukubwezera thumba lotsekeka kale, ndipo tsiku lina limaphulikira m'kati fumbi lonse n'kulowa mu mota. Ngati makina anu ali ndi thumba lansalu, ndinu amwayi: likhuthuleni, litembenuzeni, likuntheni panja kutali ndi zovala zoyanika. Mukalichapa, liume gwa musanalibwezere. Za kusoketsa thumba kwa telala, maganizo anga ndi awa: chitenje ayi, n'chopyapyala, fumbi limangodutsa. Nsalu yothithikana imathandizako, bola katoni kapena pulasitiki ya pakamwa muchotse pathumba lakale n'kuimata bwino kuti pasatsale mpata, komanso fyuluta ya mota ikhale ilipo.

Fyuluta imeneyi ndi imene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Mukachotsa thumba, yang'anani kukhoma loyang'ana ku mota. Mupeza kasiponji kapena kansalu kokhuthala kali m'kachitseko ka pulasitiki. Ndakhala ndikutulutsa ena atauma ngati chikonda moyo chogona, eni ake akulumbira kuti makinawo amawasamalira. Palinso ina kumbuyo, pomwe mpweya umatulukira, nthawi zina yolembedwa HEPA.

Yasiponji itsukeni ndi madzi okha, finyani, bwerezani mpaka madzi atuluke oyera, ndipo iume maola 24 pamalo opita mphepo. Musapupulume poona kuti kunja kwauma, m'kati mumakhala muli chinyezi, ndipo chinyezicho chimathera mu mota. Yapepala yopindapinda musainyowetse pokhapokha italembedwa kuti ndi yochapika. Imenyeni pang'onopang'ono pakhoma kapena ipukuteni ndi burashi yofewa ya penti. Ikang'ambika yatha. Ndipo chonde, musachite zimene amachita ena, kuchotseratu fyuluta poona kuti makina akukoka bwino popanda iyo. Amakokadi bwino, kwa milungu ingapo.

Mahuva opanda thumba, aja okhala ndi chigubu choonekera m'kati, amazunguza mpweya ngati kamvuluvulu kuti fumbi ligwere pansi. Njira imeneyi inatchuka ndi James Dyson, amene makina ake otchedwa DC01 anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1993. Ogulitsa amakuuzani kuti awa safuna chisamaliro. Amafuna ndithu. Pachigubu pali mzere wolembedwa MAX, ndipo zinyalala zikaudutsa kamvuluvulu uja amasokonekera, fumbi n'kuthamangira ku fyuluta. Pakati pa chigubu palinso kasefa ka timabowo tambirimbiri komwe kamamatidwa ndi thonje ndi tsitsi. Onaninso timalabala totsekera m'mphepete. Kamodzi kakasowa, kapena chigubu chikapanda kukhala bwino mpaka kulira kuti khe, mpweya umalowera pambali.

Payipi

Kuti mudziwe ngati payipi yatsekeka, ichotseni, iimikeni chilili, n'kuponyamo kandalama kachitsulo ka K10. Tindalama timeneti tapezako ntchito. Kakatulukira kumunsi, njira ilipo. Kakakanirira, tengani mpini wa mopu, lowetsani mbali yosasongoka n'kukankha modekha. Waya wa hang'ala ayi, amaboola. Njira ina ndi kutembenuza payipi, kugwirizira mbali ya chogwirira pakamwa pa makina n'kuyatsa, kuti chotsekacho chibwerere komwe chinachokera. Malo okonda kutsekeka ndi pokhota pa chogwirira ndi pakhosi pa mutu. Zimene ndatulutsamo pa zaka zimenezi: zotsekera mabotolo, timitengo totokosera m'mano, mapepala a maswiti, njere za bwemba, mutu wa chambo wouma. Kamtengo kamodzi kakapingasa, china chilichonse chimakodwa pamenepo.

Ngati payipi ili yotseguka koma mphamvu ikuchepabe, funani mng'alu. Kutentha kwa kuno kumaumitsa pulasitiki, ndipo payipi imakonda kung'ambika pafupi ndi kumapeto, pomwe imapindika kwambiri. Yatsani makina, tsekani kukamwa ndi dzanja, muyendetse khutu m'mbali mwake, mumva kakhweru. Tepi yamagetsi yokulunga bwino imagwira miyezi ingapo. Mng'alu ukakhala kumapeto kwenikweni, pamakina ambiri mungathe kudula kachidutswako n'kupotokolera payipi m'chogwirira.

Musanachite zonsezi, yang'anani pachogwirira. Pamakhala kachitseko kotsetsereka kochepetsera mphamvu poyeretsa makatani. Kakatseguka, huva imakoka mofooka. Ndalandirapo makina atatu amene matenda awo onse anali kachitsekoka, ndipo ndimachita manyazi kulipiritsa.

Mchenga wathu uno

Amene anapanga makinawa ankaganiza za nyumba zotseka mawindo, zoyala kapeti khoma ndi khoma. Sankaganiza za Makawa kapena Cape Maclear, kumene mlendo amachoka kunyanja mapazi ali mbuu n'kulowa m'chipinda, kapena za mwera wa mu Juni ndi Julayi wolowetsa fumbi pansi pa chitseko. Mchenga ndi wolemera. Umakhazikika m'mizere ya payipi, umalemetsa thumba mpaka kuling'amba lisanadzaze, ndipo ukadutsa fyuluta yobooka umapala fani ndi mabering'i ngati sandipepa. M'mahuva ena oimirira akalekale, zinyalala zimadutsa pafani penipeni zisanafike m'thumba. Amenewo mchenga ndi timiyala zimawadya mapiko.

Mankhwala ake ndi tsache. Sesani kaye, huva ibwere pambuyo kudzatola chotsalira. Pasimenti ndi pamatailosi, kunena zoona, tsache ndi mopu zimagwira ntchito bwino kuposa huva, ndipo sizidya mayunitsi. Mikeka, mphasa ndi timakapeti tonyamulika kakunthireni panja. Huva isungireni kapeti yomata, masofa, matiresi ndi m'galimoto. Mukamaliza, imikani payipi n'kuigwedeza kuti mchenga wotsalira ugwe.

Makina amene ndimawamvera chisoni kwambiri ndi a m'mizikiti. Kapeti ndi yaitali, mizere yambirimbiri, ndipo ngakhale nsapato zimatsala pakhomo, mapazi onyowa pochokera kosamba amanyamulabe mchenga. Ndiye mnyamata amapatsidwa kahuva ka m'nyumba Lachinayi masana, dzuwa lili pamutu, kuti amalize mzikiti wonse osapumira. Shehe ena atabwera nayo kachitatu ndinawauza kuti, "Shehe, makinawa alibe mlandu. Mwawapatsa munda woposa msinkhu wawo." Tinagwirizana kuti ntchito izigwiridwa m'mawa kukadali kozizira, theka lero theka mawa, thumba lizikhuthulidwa pakati pa ntchito. Sanabwerenso ndi dandaulo lomwelo. Malo aakulu chotere, ndalama zikapezeka, amafunika huva ya ndowa yaikulu.

Ngati mutu wa huva yanu uli ndi burashi yozungulira, zulani pulagi kukhoma, utembenuzeni muone. Tsitsi la mesh, ulusi wa telala, ndipo kuno kwathu ngakhale ulusi wa ukonde, zimakulungana mpaka burashi kuima. Dulani ndi sizasi motsata utali wa burashi, musaiwale kumapeto komwe imazungulirira. Burashi ikaima mota ikuzungulirabe, lamba amapsa, ndipo mumamva fungo la tayala lowotchedwa. Lamba akatamuka kapena kuduka, huva imakoka koma siitola tsitsi ndi zinyenyeswa pakapeti. Pitani naye wakaleyo pokagula wina. Mitu yopanda burashi yozungulira ili ndi kopondera: pasimenti tsitsi la burashi litsike, pakapeti libwerere m'kati.

Ikazima yokha

Mahuva ambiri ali ndi kachida kodula magetsi mota ikatentha kwambiri. Si kuwonongeka, ndi kudziteteza. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatha kupitirira madigiri 35, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mpweya umene ukulowa kuti uziziritse mota umakhala wotentha kale. Fyuluta imene mu Juni inkangochepetsa mphamvu, mu Okutobala imazimitsa makina. N'chifukwa chake benchi langa limadzaza mwezi umenewu.

Ikazima, thimitsani swichi, zulani pulagi, isiyeni pamthunzi kwa mphindi 30 mpaka ola. Podikirapo funani chimene chatseka. Musangoidikira kuti izizire n'kupitiriza osakonza kanthu, chifukwa ulendo uliwonse ikatentha choncho vanishi wa mawaya a mu mota amapserera pang'ono. Ndipo wina akakuuzani kuti akhoza kuchotsa kachidako "kuti isamavutenso", nyamulani makina anu muzipita.

Chingwe nacho chimatentha. Pamakina okhala ndi chingwe chodzikulunga chokha, chikokeni mpaka pachizindikiro chachikasu musanayambe ntchito yaitali, osapitirira chofiira. Chingwe chotsalira m'kati chili chokulungana chimasunga kutentha.

Ikakana kuyaka

Yambani ndi zophweka. Lumikizani chinthu china pasoketi yomweyo muone ngati pali moto. Kenaka pulagi. Kuno timagwiritsa ntchito mapulagi a mano atatu a makona, ofanana ndi a ku Britain, ndipo m'kati mwake muli fyuzi. Magetsi athu ndi 230V. Kuti mudziwe mphamvu imene huva ikukoka, gawani mawati ndi 230: ya 1600W imakoka pafupifupi 7A, ya 2000W pafupifupi 9A, ndipo poyaka imakoka zoposa pamenepo kwa kamphindi. Fyuzi yake ndi ya 13A. Wina akaikamo ya 3A kapena 5A yochokera mu pulagi ya nyale, siichedwa kupsa. Koma ya 13A ikapsa kawiri motsatizana, lekani kusintha, pali shoti penapake. Kukulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndi kuitana moto m'nyumba.

Makina ambiri a m'boma lino anabwera ndi abale athu a ku Joni. Mavoti a ku South Africa ndi ofanana ndi athu, vuto ndi pulagi yawo ya mano atatu obulungira. Anthu amaika adaputa yotchipa, imene imagwira molobodoka, kuthetheka, kutentha mpaka kusungunuka. Mukaona pulasitiki yadera kapena mukamva fungo pasoketi, ndi chimenecho. Dulani pulagiyo muike yathu ya 13A. Chimodzimodzi maekisitenshoni a waya wowonda ngati ulusi: ndi otchajira mafoni, osati a huva.

Zoopsa kwambiri ndi makina a kaunjika ochokera ku America, omwe ndi a 120V, kapena ku Japan, a 100V. Mukawalumikiza kuno amalira mokoma kwa masekondi ochepa, utsi n'kutuluka. Adaputa imangosintha mano, siisintha mavoti. Werengani kachikwangwani kaja musanapereke ndalama. Thiransifoma yokwanira huva ndi yaikulu ndiponso yolemera, ndipo mtengo wake kawirikawiri umaposa wa makinawo.

Ngati huva ikuyaka n'kumazima mukaikoka, waya waduka m'kati mwa chikopa chake, kawirikawiri pafupi ndi pulagi kapena pomwe chingwe chimalowa m'makina. Zimachitika chifukwa chozula pulagi pokoka chingwe muli patali. Kudula kachidutswako n'kumanganso pulagi ndi ntchito yaing'ono. Ngati paduka ndi m'kati mwa chokulungira chingwe, musatsegule nokha: muli sipuling'i yolimba yomwe ikafwamphuka imacheka zala.

Madzulo ena mababu akamaoneka ofiirira, ndiye kuti mavoti atsika, ndipo huva nayo imafooka. Dikirani mawa. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, thimitsani swichi ya makina nthawi yomweyo kuti asadzayake okha mulibe. A sola amandifunsa kawirikawiri chifukwa chimene inveta imalira n'kuzima akangoyatsa huva. Inveta ya 1000W singanyamule makina a 1400W, ndipo ngakhale manambala atafanana, kukoka kwa poyaka kuja kumaigwetsa. Apa makina atsopano a ku Ulaya amathandiza, chifukwa malamulo a European Union anaika malire a 1600W mu 2014, kenaka 900W mu 2017. Musawanyoze poona nambala yaing'ono. Mawati amanena za magetsi amene makina akudya, osati mmene akukokera. Za mayunitsi musade nkhawa kwambiri: huva ya 1500W ikagwira ntchito mphindi 20 imadya theka la yuniti.

Mahuva a batire ali ndi mdani mmodzi wamkulu kuno, kutentha. Osawasiya m'galimoto yotseka kapena pawindo lowomba dzuwa, ndipo mukangomaliza ntchito dikirani batire lizizire musanatchaje. Ikamathamanga n'kuima, kuthamanga n'kuima, yambani mwaona fyuluta musanaweruze batire. Batire likatupa, lichotseni m'nyumba.

Zimene huva siyenera kumeza

Madzi, pokhapokha makina anu ndi a ndowa olembedwa kuti amayamwa zouma ndi zonyowa zomwe. Mvula ya mu Januwale ikadontha pakapeti, huva wamba isayandikire. Ngakhale ya ndowayo, chotsani kaye thumba ndi fyuluta yapepala. M'kati mwake muli kampira koyandama kamene kamatseka njira madzi akadzaza. Makina akagwa chammbali kampirako kamatsekanso, kulira n'kukwera. Zimitsani, imikani, dikirani kuti kagwe.

Phulusa la mbaula ayi. Limatseka fyuluta nthawi yomweyo, ndipo khala limodzi lobisala, likapemereredwa ndi mphepo ya m'thumba lodzaza thonje, mukudziwa chotsatira. Anyamata a pa car wash, mvetserani: petulo akatayikira m'buti, musayamwe. Mota ya mahuva ambiri imathetheka m'kati nthawi zonse ikamagwira ntchito, ndi mmene inapangidwira. Pa chifukwa chomwecho musapopere mankhwala a udzudzu kapena perefyumu m'payipi makina akulira.

Huva ikamanunkha ngati padoko, thumba lameza chonyowa, mamba a nsomba kapena nyenyeswa za usipa. Sinthani thumba, tsukani fyuluta ndi payipi, zonse ziume. Kathetheka kakang'ono kamene mumamva m'dzanja pogwira payipi yachitsulo nyengo youma kamabwera chifukwa cha fumbi lokhulana ndi pulasitiki, ndipo kamangobaya kamodzi n'kutha. Koma ngati kugwedeza kukupitirira nthawi yonse mwagwira, zulani pulagi, makinawo asagwirenso ntchito mpaka aonedwe.

Mota ikavutadi

Zizindikiro zake n'zosabisika: fungo la waya wopsa, kulira kokwera n'kutsika kokha, kuthetheka kwa buluu kooneka pamabowo a kumbuyo. Nthawi zambiri amakhala makaboni, timakala tiwiri togunda pa amecha (gawo la mota lozungulira lija), amene amaperesedwa ndi ntchito. Kusintha n'kotchipa mukafulumira, ndipo makaboni a chopukusira zitsulo nthawi zina amakwana mukawapala pang'ono. Mukachedwa, sipuling'i yake imayamba kukanda mkuwa wa amecha. Kulira kokhala ngati chigayo chikuphwanya miyala ndi mabering'i, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndimapezamo mchenga kapena dzimbiri la madzi. Amasinthika.

Amecha ikapsa, ine sindilangiza kukulungitsa mawaya atsopano. Pa liwiro lija, kulemera kukangopendekera mbali imodzi pang'ono, mota imanjenjemera n'kudya mabering'i m'milungu yochepa. Bola kufuna mota ya huva ina yofa thupi. N'chifukwa chake kuseri kwa shopu yanga kuli mulu wa mahuva othyoka mawilo umene akazi anga amautcha manda.

Huva ina inachokera ku Monkey Bay mwezi watha, itakhala m'stoo miyezi isanu kanyumba kalibe alendo. Inkalira mosongoka, osakoka ngakhale pang'ono. Kandalama kanakanirira pakati pa payipi yachitsulo. Nditasuzumira ndi tochi ndinapeza timavu tija tomanga ndi dothi titamanga zipinda zinayi motsatizana, zouma ngati njerwa, m'kati muli akangaude ouma. Makoswe nawonso anali atalawa chingwe malo awiri. Tsopano aliyense wotenga makina ake pano ndimamupatsa kansanza koti azitsekera kukamwa kwa payipi akamasunga, ndipo ndimamuuza kuti aziika pamwamba, thumba lili lokhuthula.